Chiliza cha Mayi Ake a Hilário

Aliyense amene mota yake, njinga yamoto, inamuferapo pamsewu wa ku Fíngoè akumudziwa Hilário Baltazar. Ofisina yake, pamene amakonzerapo mota, ndi malata anayi pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa merikado, msika wathu, ndipo iye ndi uja wamfupi, wosasekaseka, amene amadziwa matenda a mota pongomva kulira kwake ikadali patali. Ine ndine Adilson, ndimanyamula anthu pa mota. Ndakhala mnzake kuyambira tili ana ku Ukwimi, ku Zambia, kumene makolo athu anathawira nkhondo.

Mayi ake, a Rebeca, anatsala komweko. Anamwalira mu 1992 ndi matenda otsekula m'mimba, Hilário ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Mwana sapita kumanda, choncho tsiku loika malirolo anamusiya kwa anansi. Patapita zaka ziwiri magalimoto anatibweza kwathu kuno, iye atagwira chitenje cha mayi ake aang'ono, a Palmira. Pamandapo sipanalembedwe dzina, sipanathiridwe simenti. Bambo ake anamwalira, amalume ake anatsatira, mpaka wodziwa pamene anagona a Rebeca anatsala mmodzi yekha, a Palmira omwewo.

Mu 2019 anatiitana atatu ku ofisina: ine, Milton ndi Lucas, tonse a mota.

"Ndikufuna kukamanga chiliza cha amayi," anatero akupukuta mafuta m'manja. "Kumanda salowako munthu yekha, nanji kwa eni. Mundiperekeze."

Ulendo wake unali wosavuta. Mota zinayi, masiku asanu, kuwolokera pa Cassacatiza, simenti tikagula ku Petauke, a Palmira atakhala kumbuyo kwake. Gogo ameneyo anali wamkamwa moyabwa, wogulitsa tomato amene sunkayerekeza kumunenerera. Hilário anayesa kuwafunsa kuti angofotokoza malowo.

"Ndifotokoze chiyani, mwanawe? Manda onse ndi dothi. Ukandifikitse basi, mapazi angawa akandipititsa okha. Mota ndimaiopa ngati njoka, koma pa Rebeca ndikwera. Koma fulumirani, ine dzuwa langa lapendeka."

Tinagwirizana zonyamuka mvula ikatha. Mvula inatha, korona inabwera, malire anatsekedwa. Pamenepo panalibe wolakwa. Kulakwa kunayamba ndi ine, ndipo ndikunena poyera chifukwa kumandidya mpaka lero.

Masiku amenewo ntchito inachepa, tinkangokhalira kukanda mafoni. Ndinaona kanema wa azungu akuthamangitsa zimota zikuluzikulu m'chipululu cha ku Namibia, mchenga wofiira ngati njerwa, wopanda mtengo ndi umodzi womwe. Ndinathamangira nawo ku ofisina.

"Mano Hilário, achimwene anga, taonani izi! Tiwoloke malire n'kubwerera pa Petauke pompo ngati ogula mbewu? Tikamanga chiliza tipitirire, tikaone dziko!"

Milton anawonjezera chigwa cha Luangwa ndi mathithi a ku Livingstone. Lucas anajambula njira yonse pa katoni ya sopo n'kuikhomera pa lata. Ulendo wa masiku asanu unasanduka wa mwezi wathunthu, ndipo wa mwezi umafuna mapasipoti, matayala atsopano, zigubu za gazolina wothira m'mota, majekete okhuthala. Tinasoketsa malaya olembedwa kuti Mikango ya Marávia, dzina la boma lathu, mikango yoti ina mwa iyo inali isanafikeko ndi ku Tete komwe.

Hilário poyamba anakana, kenako anakodwa. Sindimuimba mlandu. Munthu amene moyo wake wonse wakhala chogwada pansi pa mota za anzake ankafuna kamodzi kokha akwere yake n'kupita kutali popanda womutuma. Anatiwotcherera zitsulo zomangirapo zigubu pa mota zonse zinayi, ndipo ndinamumvapo akufunsa Lucas ngati n'zoona kuti kuchipululu kulibe udzudzu.

Zengerezu adalinda kwawukwawu. Chaka china Lucas anachita ulesi kukatenga pasipoti. Chaka chinacho golide anatuluka pa mgodi watsopano, tonse tinkapikisana kunyamula okumba, Milton n'kugwa ndi mota pa chibuma, n'kuthyoka mwendo. Tinati timudikire, gulu ndi gulu. Mwendo unapola mvula itayamba kale.

Nthawi yonseyi a Palmira ankasintha ife tikuona. Ankathira mchere katatu mu ndiwo imodzi. Lachiwiri lina anavala za kutchalitchi n'kukakhala panja pa tchalitchi chotseka, akudandaula kuti akhristu a masiku ano ndi aulesi. Tinaseka, ine kwambiri. Tinkati ndi ukalamba chabe.

Amene anathetsa kusekako ndi Gracinda, mkazi wa Hilário. Anabwera ku ofisina masana, mu Julaye chaka chatha, mwana ali kumsana.

"A Baltazar, inu muzingojambula zipululu zanuzo. Amayi anu lero andifunsa kuti ndine mwana wa yani, ndadzatani pakhomo pawo."

Hilário anaika sipanala pansi. Ndinaona mantha pankhope pake, amene sindinawaonepo ngakhale tili ana. Anati Loweruka akunyamuka, wofuna chipululu atsale. Milton ndi Lucas anakwiya kuti tadikira zaka zonsezi kuti tingopita ulendo wa maliro, ndipo anatsaladi. Ine ndinapita chifukwa cha manyazi.

Tinayenda masiku awiri, mota ziwiri. A Palmira tinawamangirira ndi chitenje m'chiuno mwa Hilário kuti asagwe akamawodzera. Njira yonse anali chete, osatukwana fumbi, osatukwana mabampu, ndipo chete ameneyo anandiopsa kuposa chilichonse.

Ku Ukwimi kwasintha. Pamene panali misasa yathu pali minda ya anthu ena. Eni malo anatilandira bwino, natipatsa amuna awiri a zikwakwa kuti atitsogolere, poti mlendo salowa kumanda popanda mwini mudzi. Anatchetcha njira, tinalowa. Mitumbira inalipo yambirimbiri, yophwatalala ndi mvula ya zaka makumi atatu, ina itamera mitengo yokula kuposa ntchafu yanga. Dzina linalipo pa manda owerengeka okha.

A Palmira anatsogola. Anayenda molunjika, osakayika, kulambalala tsinde, kukhotera kumanja. Ndinati zoonadi mapazi akukumbukira. Anafika pa mtumbira wina n'kukhala pansi, akupumira m'mwamba. Hilário anagwada pambali pawo.

"Amayi, ndi pano?"

"Pano chiyani, bambo? Ndatopa ine."

"Pamene munaika a Rebeca. Manda awo."

Anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Rebeca uti? Mkulu wanga? Wamwalira Rebeca?"

Gogoyo anaika manja kumutu n'kuyamba kulira maliro, kulira kwenikweni kwa uthenga wangofika kumene, mpaka amuna a zikwakwa aja anavula zipewa. Simenti inali pa mota yanga kumsewu, matumba awiri, ndipo panalibe aliyense padziko amene akanatiuza poithira. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika indimeze.

Kenako gogoyo analeka kulira mwadzidzidzi, namugwira Hilário dzanja ndi manja onse awiri.

"Bambo inu, wasiya mwana. Kamnyamata, Hilário. Musakauze msanga, n'kakang'ono."

Iye anawapukuta misozi ndi chala chake chakuda ndi mafuta.

"Sitikauza, amayi."