Mtedza wa Nabanda

Fungo la anyezi wongodula kumene limandibwezera ku chilimwe chimene ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Unali mwezi wa Januwale, dzuwa la ku Perth, mzinda wakunja kumene tinkakhala, likufewetsa phula, masamba a bulugamu akununkha ngati mankhwala a chifuwa. Sukulu tinali titatsekera. Amayi anali namwino ku Midland ndipo ankagwira tsiku lonse, choncho bambo ankatitenga ine ndi Chisomo kuntchito kwawo, kumalo ena aang'ono osungirako nyama kumapiri, kumene ankadula zakudya ndi kutsuka makola.

Chisomo anali mwana wa malemu mayi anga aang'ono, ndipo anali atabwera kuchokera ku Kasungu miyezi inayi m'mbuyomo. Ankagona m'chipinda changa, ankagwada popereka madzi kwa akulu, ndipo azimayi a kutchalitchi sankatopa kumutama. Ine, mtsikana woyankha akulu m'Chingerezi chiimirire, ndinkamuda ndi mtima wonse. Sindibisa.

Pamalopo panali anyani asanu a mtundu wa kapuchini, aang'ono ngati amphaka, ooneka ngati avala kachipewa kakuda. Wamkulu pa onse anali wamkazi, ndipo bambo ankamutchula kuti Nabanda. Akampatsa anyezi sankadya, ankangofinya n'kudzipaka thupi lonse mpaka kumchira, ati pothamangitsa tizilombo. Akampatsa mtedza wa makadamiya ankayamba waugogoda ndi chala ali tcheru, kenako n'kuuika pachitsa, kunyamula mwala ndi manja awiri, n'kuuswa. Pa anthu onse, Nabanda anasankha Chisomo. Ankatulutsa timanja pawaya n'kumamufufuza m'tsitsi mofatsa, monga ankachitira anyani anzake. Chifikireni, ndi pakhola lija pokha pamene ndinkamva Chisomo akuseka. Ine ndikayandikira, nyaniyo ankayang'ana kumbali.

Nsanje itandigwira, ndinayamba kumupusitsa Nabanda ndi chigoba cha mtedza chopanda kanthu chimene ndinamata ndi guluu wa kusukulu. Nabanda anachigogoda kawiri, anachipima m'manja, n'kuchitaya. Zinandiwawa kuti nyani wandiposa nzeru. Mawa lake ndinatapa tsabola wa kambuzi wopera m'botolo la amayi, ndinasakaniza ndi mchenga kuti alemere, ndinadzaza m'chigoba china n'kumata bwinobwino.

"Kampatse mnzako uja," ndinauza Chisomo.

Kanali koyamba kumulankhula m'Chichewa, ndipo anasangalala mpaka anandigwira dzanja.

Nabanda anagogoda kamodzi kokha, poti dzanja lopereka ankalidziwa. Mwala utatsika, ufa wofiira unamuthuvukira kumaso. Anadzitikita m'maso ndi manja omwewo, akugubuduzika m'fumbi ndi kulira kumene sindinakumvenso kwina, anzake akuthamanga mozungulira khola. Chisomo analowetsa dzanja pawaya kuti amutonthoze, ndipo Nabanda anamuluma chala mpaka pafupa. Ine ndinali chiimire pamthunzi, ndipo kunena zoona ndinakondwa.

Mwini malo anali ataona amene anapereka mtedza. Anauza bambo kuti mwana ameneyo akapondanso pamenepo, ntchito yawo yatha. Pobwerera kuchokera kuchipatala, bambo analankhula tili m'galimoto.

"Chisomo, tinakutenga kumudzi kuti udzandichotsetse ntchito?"

Chisomo anandiyang'ana kamodzi, chala chili m'bandeji, kenako anazolika.

"Pepani, bambo," anatero.

Tchuthi chonse chotsala ankamutsekera yekha m'nyumba yotentha ngati uvuni, akutsuka mbale ndi dzanja limodzi. Malo ake pakhola ndinatenga ndine. Nabanda, diso limodzi likuchuchabe misozi, anayamba kulandira mtedza kwa ine, koma uliwonse ankaugogoda nthawi yaitali, kuununkhiza, kuutembenuza. Tsitsi langa sanaligwirepo.

Sukulu ili pafupi kutsegulidwa, gulu la kutchalitchi linapita kukaona nyama kumalo kuja, ndipo amayi anapempha kuti Chisomo alowe m'gulumo, angoona ali patali. Nabanda anamuzindikira pakati pa anthu onse aja. Anaonetsa mano, anagwedeza waya, anatola mwala wake woswera mtedza n'kuuponya. Ana anaseka. Chisomo anabwerera m'basi, ndipo chaka chonsecho sindinamvenso kuseka kwake.

Nthawi imeneyo ndinkati nyani ndi chitsiru, wanzeru ndine, poti palibe anandigwira. Lero ndimaona kuti Nabanda anaweruza ndi zimene anaona, ndipo sakanatha kufunsa. Bambo akanatha kufunsa, koma kukayikira mwana wa mwini kunali kosavuta kuposa kukayikira wawo.

Chisomo tsopano ndi namwino ku Murdoch, ndipo chala chija sichipindika bwino. Timacheza, ana athu amasewera limodzi, nkhaniyi sitinaikambepo. Koma chaka chilichonse ndikamupatsa mphatso ya Khrisimasi, amaiika pakhutu, kuigogoda kawiri ndi chala chomwecho, n'kundiyang'ana asanatsegule.