Fanuel akufuna galimoto ya ngongole

Moni nonse pabanja pano.

Lero m'mawa mwana wanga Fanuel wabwera kuno ku Chinakanaka ndi mapepala a kubanki. Akufuna kutenga galimoto pa ngongole yobweza zaka zisanu, ndiye akuti ndisayine kuti chikole chikhale nyumba yanga ino. Akuti, "Amayi, ine mphunzitsi wa sekondale ndizikwera kabaza mpaka liti?"

Achimwene a Dyson mukukumbukira, nthawi ya chipani chimodzi, bambo athu ali kalaliki ku esiteti ya tiyi, nawonso anatenga galimoto pa ngongole. Injini itafa, galimotoyo inakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba ya kampani, nkhuku zikuikiramo mazira, koma malipiro awo akudulidwabe mwezi ndi mwezi. Chaka chimenecho ndinasiya sukulu ndili fomu 2, n'kuyamba kuthyola tiyi.

Ndamufotokozera zonsezi, wangoti zinthu zinasintha. Abweranso Lachisanu kudzamva yankho.

Ndikakana, aziti mayi ake sindimufunira zabwino. Ndikasayina, zikadzavuta ine ndi ukalamba uno ndikagona kuti? Achimwene, atsibweni ake ndinu, ndimuyankhe chiyani mwanayu?