Tambala wa bambo

Bambo anga ankamanga ntchentche za nthenga pa mbedza, zogwirira trauti, nsomba za m'madzi ozizira a ku Nyika. Luso limeneli anabwera nalo kuchokera ku Zomba, ndipo alendo opita ku Nyikako ankaima pakhomo pathu ku Kaning'ina kudzagula. Ntchentche yabwino imayandama, nsomba nkuiyesa yamoyo. Chimene chimaiyandamitsa ndi nthenga ya m'khosi mwa tambala wokhwima, youma gwa, yokulungidwa kuzungulira mbedza.

Atadwala sitiroko manja anayamba kunjenjemera, alendo nkusiya kubwera. Koma anali ndi tambala wofiira amene analera kuyambira ali mwanapiye. "Ameneyu nthenga zikakhwima ndimanga ntchentche yomaliza, iwe ukuonerera," ankandiuza. Ine ndinkangoti chabwino, mtima uli ku salaula wanga, kaunjika amene ndinkagulitsa kumsika.

Lamlungu lina kunabwera azimayi a kutchalitchi kudzawapempherera. Anthu asanu ndi atatu, m'nyumba muli nyemba zokha! Mlendo sadya nyemba pakhomo pali nkhuku, ndi mmene ndinakulira. Bambo atagona, ndinagwira tambala uja. Sindinaiwale za nthenga, ayi, ndinadziona wochenjera. Ndinamuviika m'madzi owira monga timachitira tonse, nkusosola bwinobwino, za m'khosi nkuziyanika padera m'mbale. Azimayi anadya, nati yewo chomene, napita.

M'mawa ndinawapatsa bambo mbale ija. Anatola nthenga imodzi, naipinda pa chala. Inali yofewa ngati thonje, madzi otentha atachotsa mafuta ake onse. Sanandikalipire, ndipo mpaka lero ndimalakalaka akanandikalipira.

"Khala apa," anatero.

Anapana mbedza, nazunguliza ulusi, naika mchira, thupi ndi timapiko tiwiri, nakulunga nthenga ija. Ulusi unaduka kanayi. Ntchito imene kale inkatha tiyi asanazizire inawatengera m'mawa wonse, thukuta lili kamukamu. Atamaliza anati ndibweretse madzi m'kapu, naponyamo ntchentche ija. Inakhala pamwamba pang'ono chabe, kenaka inamira ife tikuyang'ana.

"Pepani bambo, ndalakwa. Ndigula wina mawa lomwe."

"Wa kumsika amakhala wothothoka m'khosi, mwanawe. Wabwino umalera wekha, zaka ziwiri." Anayang'ana manja awo akunjenjemera pa tebulo. "Gula mwanapiye, ulere. Ine zaka ziwiri ndilibe."

Tinawaika m'manda mvula isanathe, mwanapiye ndinagulayo asanayambe kulira ngati tambala.