Limodzi Kaye, Tione

Ntchito yanga yoyamba ku Cape Town ndinaipeza chifukwa cha mzere umodzi umene unagwera pa tsamba lachiwiri.

Ndinali nditakhala miyezi ingapo ku Parow, m'chipinda cha msuweni wanga Esinati, ndikugona pa matiresi omwe m'mawa tinkaimika kuseri kwa chitseko. Iye ankalawirira ku Claremont komwe ankagwira ntchito ya m'nyumba, ine n'kutsala ndi makoma. Ndine munthu wosatha kukhala pansi. Ndinkasesa mosesa kale, kutsuka mbale zoyera, kenako n'kutuluka kukazungulira mumsewu ngati ndatumidwa. Esinati sanandinenepo kanthu, koma ndinkaona momwe ankasuzumira m'chitini cha shuga madzulo.

Tsiku lina ndinalowa m'kashopu kena kufupi ndi siteshoni kuti ndikapulinte CV. Mwini wake anali Che Saidi, bambo wa ku Mangochi wa ndevu za imvi, yemwe ankapulinta, kusikana mapepala kuti alowe m'kompyuta, ndi kupanga fotokope. Atatsegula CV yanga pa kompyuta, ndinaona kuti mzere womaliza wadumphira pa tsamba lina wokhawokha. Ndinapempha mausi. Ndinachepetsa malire a m'mbali, n'kufufuta mizere yopanda kanthu imene inali pakati pa mitu, ndipo zonse zinakwana pa tsamba limodzi.

"Unaphunzira kuti zimenezi?" anandifunsa.

"Ku Balaka, bambo. Ndinachitako kosi ya kompyuta."

"Ubwere mawa. Ndikuyesa mwezi umodzi. Ukandiwonongera mapepala, khomo ndi lomweli walowerali."

Sananene mwanthabwala. Che Saidi anali wouma manja pa pepala kuposa munthu aliyense amene ndinamuonapo. Shopu inali ndi kompyuta imodzi yakale, pulinta yaikulu ya zakuda ndi zoyera, ina yaing'ono ya mitundu imene inkamwa inki ngati ili ndi ludzu, sikana, ndi chodulira mapepala. Pansi pa tebulo panali katoni ya mapepala owonongeka mbali imodzi, ndipo palibe pepala linkaloledwa kupita m'bini likadali loyera kumbuyo.

Malamulo awo ndinawaphunzira sabata yoyamba. Usanapulinte, yang'ana kaye pa sikilini momwe tsambalo litulukire. Chikalata chachitali chipite mbali zonse ziwiri za pepala. Ngati ndi zongowerenga, monga manotsi a ana a sukulu, masamba awiri alowe pa mbali imodzi. Munthu akabwera ndi nkhani ya pa intaneti, usapulinte zonse ndi zotsatsa malonda zomwe. Sankha ndime akufunazo. Amene akufuna kutumiza satifiketi kwa bwana, musikanire ikhale PDF, aitumize pa foni, pepala lisagwire ntchito. Ndipo lamulo lalikulu pa onse linali ili: ntchito ya makope ambiri, tulutsa limodzi kaye pa pepala la m'katoni, mwini wake alione.

Lamulo lomalizali linkandiwawa. Anthu ali pa mzere mpaka pakhomo, wina akuyang'ana wotchi kuti sitima imusiya, ine chala chili kale pa batani, Che Saidi n'kumvekera kuseri: "Limodzi kaye, Tiyamike. Tione." Ndinkaluma mano. Mumtima ndinkati bambowa akadzamwalira adzafuna kuti manda awo akumbe theka kaye, aone.

Chodabwitsa n'chakuti munthu wosamala pepala chotero anali wosalongosoka m'kompyuta. Desikitopu inali yodzaza ngati msika wa kaunjika. Mafayilo anali ndi mayina monga "cv", "cv new", "cv new new", ndipo "banda" analipo ambiri moti sukanadziwa Banda wake ndi uti. Zithunzi zochokera pa foni ya shopu zinkangogwera malo amodzi ndi mayina a manambala ataliatali. Ndinawauza kuti tipange foda ya kasitomala aliyense, fayilo iliyonse ikhale ndi dzina la munthu ndi ntchito yake.

"Usandisokonezere makina," anatero. "Ine ndimadziwa pamene pali chilichonse. Chatsopano chimakhala pamwamba."

Ndinasiya. Ndinali pa mayeso, ndipo sindinkafuna kubwerera kukasesa mosesa kale.

Tsiku lovuta linafika mwezi uli pafupi kutha. Lachisanu masana Che Saidi anapita ku mzikiti monga mwa masiku onse, n'kundisiyira shopu ndi foni. Kunabwera uthenga wochokera kwa bambo wina amene sindinkamudziwa, a Chimwaza. Mng'ono wawo Fanuelo, yemwe ankagwira ntchito ya m'munda wa maluwa ndipo ankakhala ku Masiphumelele, anali atamwalira. Loweruka masana kunali mapemphero otsanzikana naye mu holo ina ku Parow komweko, kenako thupi linyamuke pa galimoto kupita kwawo ku Dedza. Ankafuna pulogalamu ya maliro: makope ena a anthu a mu holo, ena apite ndi thupi kumudzi kwa amayi awo. Analemba mayina, nyimbo, ndi amene adzayankhule. Pambuyo pake panalowa zithunzi ziwiri, popanda mawu aliwonse.

China chinali cha bambo atavala ovolosi, ataima pa kapinga, dzuwa likumuomba kumaso, chosaoneka bwino. China chinali choyera bwino: suti yakuda, tayi, kumbuyo khoma loyera. Nkhope zinali zofanana, mphumi yomweyo, mphuno yomweyo. Ndinati ndi munthu mmodzi, banja latumiza ziwiri kuti ndisankhe. Ndani angaike munthu wa ovolosi pa pulogalamu pamene chithunzi cha suti chilipo? Komanso cha suticho ndi chimene chinali pamwamba. Ndinachiika pakati pa tsamba loyamba, pansi pake dzina la malemu ndi mawu akuti mzimu wawo uuse mumtendere. Ndinakonza masamba kuti pepala limodzi likapindidwa pakati likhale kabuku. Zinakongola, ndipo ndinadzitama ndekha.

Loweruka m'mawa zonse zinabwera pamodzi. Pepala lokhuthala lachikasu pang'ono limene tinkapangira mapulogalamu linali litatsala paketi imodzi, yokwanira ndendende, ndipo kogulitsa kunali kotseka mpaka Lolemba. Magetsi a dera lathu anali oti azima masana, malinga ndi ndandanda ya kuzimazima kwa nthawi imeneyo. Che Saidi anafika mochedwa, n'kupezana ndi mayi wina yemwe anali ndi mulu wa mapepala a fotokope, ndipo sanayang'ane n'komwe pa sikilini yanga. Ine ndinali nditaika kale paketi yonse m'pulinta, nambala ya makope nditalemba, mwendo ukugwedezeka pansi pa tebulo.

"Che Saidi, ndikuyambapo. Magetsi atithawa."

"Eni ake afika?"

"Sanafike. Koma ndawerenga kawiri, palibe cholakwika. Time yatha, bambo."

"Limodzi kaye."

"Bambo, lero lokha."

"Kuthamanga sikufika. Chotsa paketiyo, uike la m'katoni."

Ndinachotsa paketiyo mokwiya, moti thireyi ya pulintayo inalira. Ndinaika pepala limodzi la m'katoni, lomwe kumbuyo kwake kunali theka la invoisi ya munthu wina, n'kudina. Pulinta inayamba kukhosomola. Nthawi yomweyo pakhomo panalowa bambo wa suti yakuda, maso ofiira chifukwa chosagona. Anapereka moni motsitsa, anati ndi a Chimwaza, abwera kudzatenga mapulogalamu. Ine ndinali ndikuyang'ana wotchi ya pakhoma, ndipo ndinangoloza pulinta. Anawerama, natenga pepalalo okha.

Analiyang'anitsitsa. Pamene ndinakweza maso ndi pamene ndinaiona bwino nkhope yawo, ndi tayi yemweyo wa pa chithunzi chija. 

"Achemwali," anatero pang'onopang'ono, "uyu ndine."

Che Saidi anasiya fotokope ikuyenda yokha.

"Chithunzi ichi ndinatumiza kuti mundipangire timafoto ta pasipoti. Ndikuperekeza thupi, ndiye pa boda pakufunika mapepala. Fanuelo ndi wa ovolosi uja. Analibe chithunzi china chabwino."

Mayi wa fotokope uja anagwira pakamwa. Nayenso anali wa kwathu, ndipo tonse tinkadziwa tanthauzo lake. Kuika nkhope ya munthu wamoyo pamwamba pa mawu amenewo ndi malodza, ndi kumuitanira imfa. Ndinaganiza za holo yodzaza, aliyense atagwira pepala, a Chimwaza ataima kutsogolo akuthokoza anthu pamene nkhope yawo ili m'manja mwa aliyense. Ndinaganiza za mayi wokalamba ku Dedza akulandira pepala lokhala ndi dzina la mwana mmodzi ndi nkhope ya mwana wina. Ndinachita mantha ndi manyazi pamodzi, ndipo ndinadziwa kuti mwezi wanga wathera pomwepo.

"Pepani, bambo," ndinatero. 

"Pepani ndi wa pambuyo," anatero Che Saidi. "Khala pansi. Magetsi sakudikira."

Ndinafunafuna chithunzi cha ovolosi pakati pa manambala aja, ndipo ndinatsegula zithunzi za anthu ena angapo ndisanachipeze. Ndinachidula kuti patsale mutu ndi mapewa, ndinachepetsa kuwala kwa dzuwa, n'kuchisandutsa chakuda ndi choyera kuti kusaoneka bwino kuja kubisike. Ndinatulutsanso limodzi pa pepala la m'katoni, ndipo ulendo uno palibe anachita kundiuza. A Chimwaza analiyang'ana, anapukuta m'maso ndi chala.

"Ndi yemweyu. Ankaseka choncho."

Anawerenga mayina onse mokweza, napeza kuti dzina la mudzi ndinalisowetsa chilembo. Tinakonza. Kenako ndinabwezeretsa paketi ija, ndinasankha kupulinta mbali zonse, kutembenuzira mbali yaifupi kuti mkati musakhale chadodolido, ndipo tinaima tonse atatu kumvetsera pulinta. Magetsi anazima pepala lomaliza litangogwa mu thireyi. Timafoto ta pasipoti Che Saidi anali atatitulutsa kale pa pulinta yaing'ono ija pamene yaikulu inkagwira ntchito. Tinapinda mapulogalamu ndi manja pafupi ndi khomo pomwe panali kuwala, mayi wa fotokope uja naye akuthandiza.

Pepala lolakwika lija linali likadali pa tebulo. Che Saidi analitenga kuti aling'ambe, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita ndi pepala lililonse.

"Ayi, musang'ambe," anatero a Chimwaza. "Nkhope yanga imeneyo."

Analipinda kanayi, naliika m'thumba la mkati la jekete.

"Ndisunga. Tsiku langa likadzakwana, musadzavutike kufunafuna chithunzi ngati momwe tavutikira ndi mng'ono wangayu."

Anayesa kuseka, koma palibe anawathandiza. Ananyamula katoni ya mapulogalamu n'kutuluka.

Tinatsala awiri m'shopu ya mdima. Ndinatenga chikwama changa, kudikira mawu omwe ndinkawadziwa kale. Che Saidi anakhala pa mpando wanga, akuyang'ana sikilini yozima.

"Safunsa anadya phula," anatero. "Zithunzi ziwiri zopanda mawu, ukanaimba foni."

"Inde, bambo."

"Koma chatsopano chimakhala pamwamba ndinanena ndine." Anakanda ndevu. "Mafoda ako aja. Lolemba uyambe."

Ndinayamba Lolemba, ndipo zinanditengera masabata. Kasitomala aliyense anakhala ndi foda yake, m'kati mwake ntchito iliyonse payokha. Chithunzi chikangolowa pa foni, ndinkachisintha dzina nthawi yomweyo, ndisanachite china chilichonse: dzina la munthu, ndi chimene chikufunikira. Chikabwera popanda mawu, ndinkaimba kufunsa, ngakhale mwini wake aone ngati ndine wogona. Za maliro ndinazipangira foda yakeyake, ndipo munkalowa chithunzi cha malemu chokha. Amoyo ndi akufa sindiwasunga malo amodzi.

Ndinagwira kwa Che Saidi zaka zingapo, ndipo lero ndili mu ofesi ina ku Claremont komwe mapepala amabwera ndi makatoni ndipo palibe amawawerenga. Kusakhazikika kwanga sikunathe, mwendo umagwedezekabe pansi pa tebulo. Anzanga amandiseka kuti ndimatulutsa kope limodzi kaye ngakhale ndi ndandanda ya tiyi. Ndimawasiya aseke.

A Chimwaza anabwerako ku Dedza, ndipo tikakumana ku tchalitchi amandipatsa moni bwinobwino, kufunsa za Esinati ndi za kumudzi. Nkhani ija sanaitchulepo. Koma akadwala ngakhale chimfine ine sindigona, ndipo akavala suti yakuda ija maso anga amapita pa thumba la mkati. Sindinalimbe mtima kuwafunsa ngati pepala lija likadalimo.