Nyimbo Imene Ndinaichotsa Kumanda

Ndine woimba, ndipo ndinapha nyimbo. Inalipo nyimbo imene anthu a kwathu ankaikira maliro kuyambira kale, lero sakuiimbanso chifukwa cha ine. Inu owerenga, makamaka achinyamata amene mumayenda foni ili m'manja, ndimvereni pang'ono.

Ndinabadwira ku Malawi kumene makolo anga anathawira nkhondo. Mtendere utabwera tinabwerera kumudzi kwathu kufupi ndi Moatize, koma amayi sanakhalitse, anamwalira. Anandilera ndi amayi aang'ono, mng'ono wawo, amene ndimangowatcha amayi. Sukulu ndinangoiona ikudutsa ngati sitima ya malasha. Kuwerenga ndinadziphunzitsa ndekha pa malire ku Zóbuè, pomwe ndinkanyamula katundu pa sitolo ya Msilamu wina wachifundo. Mabuku anga anali nyuzipepala zokulungira sopo, n'chifukwa chake nkhani zambiri za m'dziko ndimazidziwa theka, theka linalo linapita ndi sopo wa munthu wina.

Ng'oma ndiyo sindinaidziwe theka. Ndinayamba kuomba ndili wamng'ono, kenako ndinaphunzira kuimba, kenako rapu. Malasha atayamba kukoka anthu, Moatize inadzaza alendo, ndipo mabaraka, timalo tomwera mowa tija, tinkafuna oimba. Ine ndinkasakaniza zonse: ng'oma zakwathu, nyimbo zovina za kum'mwera zotchedwa malabenta, rapu ya m'Chinyanja, m'Chinyungwe ndi Chiputukezi changa chotsimphina. Anzanga ankati nyimbo zanga zili ngati chapa, minibasi yathu ija, momwe mbuzi, mphunzitsi ndi thumba la makala amakhala mpando umodzi. Ndinkaona ngati akundiyamikira.

Tsono pansi pa mudzi wathu panapezeka malasha, anthu n'kusamutsidwira ku Mualadze. Atasamuka amoyo, linafika tsiku losamutsa akufa. Amayi aang'ono anabereka mwana mmodzi yekha, Rozinya, amene anamwalira asanayambe n'kuyenda komwe. Mafupa ake ataikidwa m'kabokosi, amayi anayambitsa nyimbo ya maliro, poti kwathu oyambitsa anali iwowo: “Gona, mwanawe, nthaka ndi yako, ife tikubwera m'mbuyo.” Pa mawu oti “nthaka” mawu awo anasweka.

Inenso ndinkalira, sindikunama. Koma khutu la woimba lilibe manyazi. Dzanja langa linalowa m'thumba, n'kuyatsa foni kuti ijambule.

Ndinadziuza kuti ndikulankhulira anthu a kwathu. Mwana akuuzidwa kuti nthaka ndi yake pomwe akumuchotsamo, kodi dziko lisamve zimenezi? Ndinapita kwa mnzanga wojambula nyimbo ku Moatize, m'dera la 25 de Setembro, m'kachipinda kokhoma matiresi m'makoma. Pansi pa mawu a amayi ndinaikapo ng'oma zanga, pamwamba ndinaikapo rapu yonena za fumbi, za minda yatsopano ndi za mtsinje umene tinausiya. Mnzangayo anati tiifulumizitse pang'ono kuti anthu azitha kuvina. Ndinavomera. Kwa amayi sindinapite kukapempha, chifukwa mumtima ndinkadziwa yankho lawo.

Nyimboyo inagwira ngati moto wa lupsa. Inkalira m'mabaraka, m'machapa, pa msika. Oyendetsa magalimoto akuluakulu anaiwolotsa malire pa Zóbuè, ndipo ine amene kale ndinkasenza matumba kumeneko ndinaitanidwa kukaimba. Ndinagula nsapato za mitundu iwiri, zondithina, n'kumayenda ngati tambala woponda minga. Za fumbi ndi minda palibe ankazimvetsera. Anthu ankadikira pomwe mawu a amayi akusweka, n'kukweza mabotolo m'mwamba akukuwa. Ndinkaziona ndili kumbuyo kwa ng'oma, ndipo ndinkaomba mwamphamvu.

Patapita miyezi ndinapita ku Mualadze nditanyamula shuga ndi chitenje. Amayi anandiyalira mphasa, anandipatsa madzi, anandifunsa za moyo. Kenako anati, “Ndinapita ku Moatize kuchipatala. M'chapa ndinamva anthu akumuvina Rozinya. Wotolera ndalama anauza woyendetsa kuti, ‘Kwezani, amayi awa amalira mokoma.’ Ine ndinali nditakhala naye pafupi, bondo lake likugunda langa.”

Ndinayamba kufotokoza za uthenga, kuti dziko lonse lamva kulira kwathu. Anandisiya ndimalize, n'kunena kuti, “Dziko lamva, mwana wanga. Ine ndinkaimbira mwana.”

Kuyambira tsiku limenelo nyimboyo sindinaiimbenso. Ndinaifufuta m'foni mwanga, ndinapempha mnzanga uja aifufute. Koma inali italowa kale paliponse ngati fumbi la malasha, lomwe umalipeza ngakhale m'mphika wovundikira.

Chaka chotsatira bambo aang'ono, amuna a amayiwo, anamwalira. Kumanda anthu onse ankadikira amayi kuti ayambitse nyimbo. Iwo anapuma, n'kuyamba: “Gona…” Asanafike n'patali, ana ndi anyamata amene anaima kumbuyo anayamba kugwedeza mapewa. Sankachita chipongwe ayi, thupi linangokumbuka lokha. Mmodzi anayankhira ndi mzere wa rapu yanga. Ena anaseka, n'kubisa nkhope. Amayi anatseka pakamwa. Amayi anzawo anayang'anana, palibe anaipitiriza. Munthu amene anandigulira chikopa cha ng'oma yanga yoyamba tinamukwirira kukumveka mafosholo okha. Palibe anandiyang'ana. Akanandimenya, mwina ndikanapepukidwa.

Pa maliro a ku Mualadze masiku ano amaimba za kutchalitchi. Ija aileka, akuti yasanduka ya mowa.

Ndimaombabe ng'oma pa maukwati, ndimasakanizabe nyimbo, poti ndi ntchito yokhayo imene ndimaidziwa yonse. Kusakaniza si tchimo. Koma inu owerenga, si chilichonse chokoma m'khutu chimene chili chanu. Munthu akamalira, foni ikhale m'thumba. Mukafuna mawu a munthu, kamupempheni maso ndi maso, ndipo akakana, kanani naye. Mukaona kuti mukuopa kupempha, dziwani kuti mwayamba kale kuba, ngakhale mutati mukubera chilungamo.

Amayi akali moyo. Amanditchabe mwana wawo, ndipo ndikapita amandisungira chakudya. Ulendo watha anandiperekeza mpaka pa msewu, akuyenda pang'onopang'ono. Chapa itaonekera anandigwira dzanja n'kuti, “Tsiku langa likadzafika udzabwere, udzandinyamule. Koma ng'oma ndi foni udzazisiye kunyumba.”

Ndinavomera. Chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti munthu amene anaimbira akufa onse a mudzi wathu, sindikudziwa kuti tidzamuimbira chiyani.