Amene Anandiwotchera Milungu

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinalenga milungu itatu. Ndalemba zambiri kuchokera nthawi imeneyo, koma palibe chimene anthu anachikhulupirira ngati tizidole timeneto.

Tinkakhala kwa Kalembo, ndipo bambo anga anali akatekisiti. Za angelo ndinkazidziwa pamtima, za majini ndinkazimva kwa anzanga opita kumadrasa, koma zonsezi sizinkandiyankha funso limodzi: bwanji mvula imagwa m'munda mwa uje n'kudumpha wa uje, minda yake yogundana malire? Poona kuti akuluakulu akungonditsekera pakamwa, ndinapeka yankho langa. Mwini mvula anali Namvula, mayi wa diso limodzi, amene amaona mbali imodzi yokha. Mwamuna wake anali Chimphepo, wogontha, amene amasasula madenga chifukwa samva anthu akukuwa. Mwana wawo, Msungamisozi, ankayenda ndi chikho kutunga misozi ya anthu, n'kukapereka kwa amake kuti aisandutse mvula.

Kachisi wawo anali chulu chachikulu kuseri kwa munda wathu, pansi pa mtengo wa bwemba. Ana a m'mudzi ndinawagawa m'magulu. Pamwamba panali Oitana, ovala chibangili cha mlaza, ndipo ndi okhawo ololedwa kukwera chulu. Kenako Osunga Moto, kenako Onyamula, otunga madzi ndi kusesa. Pansi penipeni panali Achete, amene sankaloledwa kuyankhula kapena kugwetsa chithunzithunzi chawo pachulu. Musandifunse kumene ndinadziika ine. Amene ankandipatsa mango ankakwera msanga, amene ankandiposa masamu ankakhala Achete mpaka kalekale.

Milunguyo ndinkaiumba ndi dothi, koma ikauma inkang'ambika. Amene anandithandiza anali Abiti Juma, mayi wamasiye wochokera kunyanja ya Chiuta, woumba mbiya ndi miphika, amene ankakhala yekha kumapeto kwa mudzi. Anabwera ndi ukwati, mwamuna n'kumwalira, ana ayi. Tsiku lina anandipeza ndikutola nyenyeswa za dothi lawo.

"Iyayi, mwanangu, dothi losawotcha silikhalitsa," anatero akuyang'ana Namvula wanga. "Ubwere nato tizidoleti Lachitatu, ndikamawotcha mbiya. Nanga uyu diso linalo lapita kuti?"

Nditawafotokozera anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. "Ndiye chifukwa chake! Ukamuuze azitembenukirako kwanga, kwa enawa kwakwana."

Anaika milungu yanga pakati pa mbiya zawo, n'kuunjikira nkhuni ndi makungwa. Inatuluka yofiira, yamawanga akuda, ndipo ukaigogoda ndi chala inkalira ngwee. Sindinanyadirepo chinthu ngati tsiku limenelo.

Chaka chomwecho mvula inadula mu Januwale, chimanga chili m'chiuno. Masamba anapotana, nthaka inang'ambika, ndipo anthu anayamba kuyang'anana ndi diso lofiira. Ife ana masewera athu sitinaleke. Masana ena Mavuto, mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi amene anali m'gulu la Achete, anaiwala lamulo n'kuyankhula pachulu. Ndinaimirira pamwamba, n'kugamula ndi mawu aakulu amene ndinabera bambo anga paguwa: "Namvula sadzayang'ananso munda wa bambo ako!"

Mwanayo anathamangira kwawo akulira. Pasanapite nthawi bambo ake anafika ndi khasu, anthu ena ali pambuyo. M'mphako ya chulu anatulutsa milungu itatu, nthenga za nkhuku, nandolo wa nsembe ndi mkanda wa amayi anga umene unasowa kalekale. Zonsezi anakaziyala pabwalo la nyumba yathu. Mwamuna wina anatola Namvula, n'kumugogoda.

"Ichi n'chowotcha," anatero. "Mwana angawotche dothi chonchi? Alipo wamkulu amene akuphunzitsa anawa ufiti. Ndiye wamanga mvula."

Bambo anandilowetsa m'nyumba, mkwapulo uli m'manja, khamu likudikira panja.

"Wakuphunzitsa ndani?"

"Palibe, bambo. Ndapeka ndekha."

Anandikwapula. Anafunsanso, ndinayankha chimodzimodzi, anandikwapulanso. Kachitatu anasintha funso, ndipo anakweza mawu kuti apanja amve.

"Anakuwotchera ndani?"

Ndinatchula dzina.

"Anakuuza chiyani?"

Ndinanena zoona, kuti anati Namvula azitembenukira kwawo, kwa ena kwakwana. Sindinanene kuti ananena akuseka. Ndinali ndi mpata wonena, koma msana unkawawa, ndipo ndinaona kuti mkwapulo watsika.

Zotsatira zake ndinazionera pakhonde. Mbiya zimene Abiti Juma anaumba mwezi wonse anthu anaziphwanya ndi mipini, denga analisasula, ndipo amayi omwewo amene ankaphikira m'miphika yawo ndiwo ankakuwa kwambiri. Dzuwa lisanalowe Abiti Juma anadutsa pakhomo pathu, mphasa ili pamutu, kathumba kali m'manja, kulowera kumsewu wa ku Liwonde. Anaima pang'ono atandiona.

"Uwauze, mwanangu," anatero. "Si iwe ukudziwa?"

Ndinayang'ana zala za kumapazi kwanga mpaka atapita.

Patatha masiku ochepa mvula inagwa yamphamvu, ndipo imeneyo ndiyo inatseka mlandu. Ndani akanatsutsa? Ine anandiwaza madzi odalitsa, amayi a m'mudzi ankandisisita mutu n'kumati mwana wapulumuka, ena ankandipatsa chigumu. Ndinkadya. Ndikunena izi kuti pasakhale wondimvera chisoni: ndinkadya, ndipo chinkakoma. Patapita zaka tinamva kuti Abiti Juma anamwalirira ku Nsanama kwa achibale akutali. Ankati sanaumbenso, chifukwa mbiri inawatsatira ndipo palibe ankafuna kumwa madzi a mumtsuko wawo.

Nkhaniyi ndinaisenza ndekha mpaka nditakula n'kuyamba uphunzitsi ku Balaka. Tsiku lina ndinapita kumudzi kukaona bambo, atakalamba, maso atayamba kuchita khungu. Tinakhala padzuwa tikusenda mtedza, ndipo ndinaganiza zoti ndiulule asanamwalire.

"Bambo, mayi aja sanandiphunzitse kanthu. Milungu ija ndinapekadi ndekha."

Sanaleke kusenda. "Ndinkadziwa," anatero. "Ndikamapalira kuseri kwa chulu ndinkakumva ukulalikira."

"Nanga munandimenyeranji?"

"Anthu aja sakanabwerera chimanjamanja. Pakanapanda mayi aja, denga losasulidwa likanakhala lathu. Ife tinalipo asanu ndi awiri m'nyumba. Iwo analibe wowalirira."

Ananena mosanjenjemera, ngati munthu wofotokoza mmene anasankhira mbewu.

Kulenga mulungu sikovuta, mwana wa sitandade faifi amatha. Kugawa anthu kuti awa akwere, awa akhale chete, nakonso n'kosavuta, ndipo ndinkanyada kuti ndi nzeru zanga pamene ndinangokopera zimene ndinkaona m'mudzi tsiku ndi tsiku. Chimene sindinkadziwa n'chakuti anthu akachita mantha amafuna woti amupereke nsembe, ndipo posankha safunsa kuti wolakwa ndani. Amafunsa kuti wopanda mwini ndani. Zimenezi bambo anga ankazidziwa bwino kuposa katekisimu, ndipo ine ndinakula, n'kuphunzira, n'kukwatira pansi pa denga limene linatsala chifukwa cha chisankho chawocho. Ndiye ndiwakwiyire bwanji? Koma ndimawakwiyira, ndipo ndimadzikwiyira.

Ndisananyamuke tsiku lija ndinawafunsa ngati anakalapa. Anati inde, sabata yomweyo, ndipo anakhululukidwa. Kwa Abiti Juma sanapiteko. Inenso, pa zaka zonse zimene anakhala ali moyo ku Nsanama, ulendo wa basi imodzi, sindinapiteko.