Laimu wa Asewere

Mwana wathu wamkazi atatiuza kuti wapeza banja, ndinavina m'khitchini kwathu ku Tallaght, kuno kudziko la azungu, mpaka okhala m'nyumba ya pansi anagogoda denga. Mnyamatayo tinkamudziwa, mzungu wa konkuno, wamtali, wodya tsabola wanga misozi ili chuchuchu koma osadandaula. Amene tinali tisanawaone ndi bambo ake. Mkazi wawo anamwalira kalekale, ndipo za ukwatiwu anali asananene kuti inde kapena ayi. Anangoti aone kaye makolo a mtsikanayo. Mnyamatayo, pokhala mwana yekhayo, sakanapita kutchalitchi bambo ake atakwinya nkhope.

Malo okumanirana anasankha okha: pansi pa mlatho wa sitima ku Milltown, Loweruka m'mawa. Mwana wathu anatichenjeza m'Chingerezi chake chothamangacho kuti mkuluyo amaukonda mlathowo kuposa chakudya, amapitako tsiku lililonse, ndiye tisakachite zachilendo. Zachilendo ife? Ndinamuseka.

Lachitatu tinapita kukauzonda. Mayo ine, mlatho! Zipata zisanu ndi zinayi zokhota ngati uta, zamiyala yosema yotuwa, zitaima tang'a pa mtsinje wa Dodder, ndipo pamwamba pake Luas, sitima yamagetsi ija, ikungodutsa mwakachetechete. Ndinakweza maso mpaka duku linagwa. Koma amuna anga ankayang'ana pansi. Masamba ali mbwee, ndere kumiyala, timaudzu tikumera m'ming'alu.

"Amayi," anatero, "apa ndi polandirira asewere apa?"

Tsono amuna angawo anakulira pa mishoni. Kwawoko bishopu akamabwera, chilichonse chosatha kuthawa chinkapakidwa laimu: miyala ya m'mbali mwa msewu, matsinde a mitengo, ngakhale chulu. Kwa iwo ulemu ndi woyera ndipo umabwera mu ndowa. Ine ndinavomereza ndi manja awiri, pakuti nanenso ndinkafuna kuti mkuluyo aone kuti mwana wathu akuchokera kwa anthu.

Loweruka tinalawirira. Ine chitenje pamwamba pa diresi, tsache lochokera kumudzi m'manja, ndikusesa mojambula maluwa pa dothi. Iwo ovolosi pamwamba pa suti, akutola miyala m'mbali mwa mtsinje, kuipaka, n'kuindandalika mizere iwiri kuchokera pa njira kukafika pa chipata. Oyenda ndi agalu ankaima n'kumatijambula, ife tikuwabayibitsa, poganiza kuti akutiyamikira. Ndinayamba nyimbo ya kwaya, mawu n'kumabwerera kuchokera ku miyala ngati tili ambiri. Ndinasangalala ngati mkwatibwi ndine.

Kenako amuna anga anaima pa mwendo wa mlatho, nayeza ndi dzanja polekeza m'chiuno. "Mpaka apa basi," anatero, naviika burashi.

"Daddy, no!"

Anali mwana wathu, akuthamanga nsapato zazitali zili m'manja. Kumbuyo kwake kunali mkamwini ndi mkulu wamfupi wa chipewa ndi ndodo. Mwanayo anatiuza akupuma wefuwefu kuti mlathowo ndi wotetezedwa ndi lamulo, ngakhale msomali sukhomedwapo, ukapaka kanthu ndi mlandu. Safunsa anadya phula! Burashi inatsala m'malere, laimu akudonthera pa nsapato ya abambo. Nyimbo ija ndinaidula pomwepo. Ndinayang'ana mwana wanga ndipo ndinaona kuti akuona ukwati wake ukumira mu ndowa. Mantha anandigwira, sindibisa.

Mkulu uja sanatipatse moni. Anatidutsa, nakagwira mwala wa mlathowo ndi chikhatho monga timachitira poyeza mwana ngati watentha thupi. Ataona kuti ndi wouma, anayamba kulankhula, osati kwa ife kwenikweni. Anati miyala yonseyo amisiri akale anaisema ndi manja, m'nthawi ya sitima za malasha. Chipata chilichonse ankachimanga pa matabwa okhota, ndipo akaika mwala womaliza pamwamba penipeni, ankachotsa matabwawo, miyala n'kutsala ikugwirana yokha. Anati ali mwana anaziona sitima zomaliza, kenako njanji inatsekedwa, pamwambapo panamera udzu zaka zambirimbiri, ndipo iye ankagona ndi nkhawa kuti tsiku lina adzaugumula. Pomwe Luas inadzayamba kudutsapo, tsitsi lake linali litachita imvi.

Ife tinangoti njo, ine ndi tsache, abambo ndi burashi.

Atatha anawerama movutikira, nanunkhiza mu ndowa. Anayang'ana mizere ya miyala yoyera ija nthawi yaitali, nafunsa kuti zonsezi n'zachiyani.

Amuna anga anavula chipewa. "Kwathu, bambo, mlendo wolemekezeka sayenda pa miyala yakuda."

Mapewa a mkuluyo anayamba kugwedezeka. Ndinati basi, wakwiya. Koma kunali kuseka, kuseka kotsokomola nako, mpaka mwana wake anamugwira mkono. Anati kwawo kumudzi, kumadzulo kwa dziko lino, wansembe akamabwera kudzachita Misa m'nyumba ya munthu, amayi awo ankapaka laimu nyumba, mpanda, miyala ya pabwalo ndi khola lomwe, moti nkhuku zina zinkalandira wansembe zili ndi mapiko oyera. Fungolo anali asanalimvenso chimwalirire amayi awo. Apa n'kuti akupukuta m'maso ndi chipewa.

"Ndiye lero wansembe ndine?"

"Ndinu amene," ndinayankha ine.

"Mlatho wanga muusiye," anatero, akuloza amuna anga ndi ndodo. "Wakhala wotuwa chiyambire ndipo udzatuwa ife kulibe. Miyala yanuyi tinyamule isanatiitanire apolisi. Koma kunyumba kwanga kuli mpanda umene sunapakidwe chichokere mkazi wanga. Ndowayi mubwere nayo. Ukwati usanachitike uyenera kuyera, kudzakhala alendo."

Ukwati. Anatchula okha, ndi pakamwa pawo. Mwana wanga atamva mawuwo anangokhalira umodzi mwa miyala ya abambo ake ija, laimu asanaume, n'kuyamba kulira. Ine ndinaponya tsache uko ndi kuimba nthungululu ina imene mlathowo sunaimvepo chimangireni. Inagunda chipata n'kubwerera, agalu onse a m'mbali mwa mtsinje anayankha, ndipo asewere anga anatseka makutu akusekabe.

Mpandawo anapaka amuna anga ndi asewere aja Loweruka linalo, akukangana za kasungunulidwe ka laimu. Diresi ya buluu imene mwana wathu anavala tsiku la pa mlatho lija inatsala ndi banga loyera kumbuyo. Ndinamuuza kuti andipatse ndichape, koma anakana, ndipo ili m'kabati mwake mpaka lero.